Za achifwamba a panyanja zija, yankho ndalipeza

Paja ndinafunsa kuti achifwamba a panyanja akale aja akaba katundu ankakagulitsa kuti? Ndafufuza ndithu. Kwina kunali pa kachilumba ka Sainte-Marie, kufupi ndi Madagascar. Mkulu wina Adam Baldridge anakhazikika pamenepo cha m'ma 1691, anamanga kalinga nkumagula katundu wakubayo, iye nkumawagulitsa achifwambawo mfuti, wonga ndi mowa zomwe ankamutumizira Frederick Philipse, mpondamatiki wa ku New York. Ndiye onani, wodyerera kwambiri anali bwana wovala bwino ali phee kumtunda! Baldridge anathawa mu 1697 atagulitsa anthu akomweko ukapolo, eni nthaka anakwiya zedi nkuukira malowo. William Kidd, mkulu wa sitima yemwe anatumidwa kukagwira achifwamba, atafika pachilumbapo mu 1698 anyamata ake ambiri anamuthawa nkukalowa gulu la wachifwamba wina, Robert Culliford.