Ndingawafike bwanji pamtima onse pondimvera?

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa anthu akuluakulu kasungidwe ka ndalama, ndipo chikundisowetsa mtendere n'chakuti mfundo imodzi yomweyo ena amaigwira msanga, ena amangondiyang'ana. Ndikalemba manambala pa bolodi, ena amawerama n'kuyamba kuwerengetsera okha, ena maso ali pa foni. Ndikangoyamba kusimba za banja lomwe linamira m'ngongole, a foni aja amadzutsa mitu, koma a manambala aja amayamba kuyasamula.

Howard Gardner wa ku yunivesite ya Harvard analemba mu 1983 kuti nzeru zilipo zamitundumitundu: za mawu, za masamu, zoona zinthu m'zithunzi, za nyimbo, zogwiritsa ntchito thupi, zomvetsa anthu ena ndi zodzidziwa wekha. Akatswiri ena amamutsutsa, komabe ine zimene ndimaona m'kalasi zikugwirizana nazo ndithu.

Ndiye inu amene mumalankhula pagulu, mumazisakaniza bwanji m'mphindi 20 osabalalitsa anthu? Mumayamba ndi nkhani kapena manambala? Koma chimene ndikufunitsitsa kumva n'ichi: mukaona muli pakati polankhula kuti gulu lakutayani, mumatani pomwepo kuti libwerere?