Thandizeni: m'sewero langa, Anne Boleyn aoneke wolakwa kapena wolakwiridwa?

Moni nonse a pa gulu lino, makamaka inu aphunzitsi a mbiri yakale ndi inu amene munalembapo masewero. Ndili ndi nkhani imene yandiimitsa mutu, ndipo ndikupempha kuti mundiunikire.

Mwezi watha ndinalowa m'tchalitchi chachikulu cha ku Peterborough, kuno ku England kumene ndimagwira ntchito, ndipo ndinaima nthawi yaitali pa manda a Catherine wa ku Aragon, mkazi woyamba wa mfumu Henry VIII. Pamwala pake anthu anali atasiyapo makangaza awiri, lina litayamba kale kufota, pakuti chipatso chimenechi ndicho chinali chizindikiro chake. Ndinatuluka nditatsimikiza mtima kuti ndilemba sewero la Chichewa lonena za mayi ameneyu, loti amayi a gulu lathu kuno adzasewere.

Mbali ya Catherine siyikundivuta. Anachoka ku Spain ali ndi zaka 15, nakwatiwa ndi Arthur, mwana wamkulu wa mfumu Henry VII, mu 1501, koma miyezi isanu isanathe mwamunayo anamwalira. Mu 1509 anakwatiwa ndi mng'ono wa malemuyo, Henry, zimene ife tingazifanizire ndi chokolo. Anatenga pakati kosachepera kasanu ndi kamodzi, koma amene anakula ndi Mary yekha, wobadwa mu 1516. Mwana wamwamuna amene dziko lonse linamukondwerera mu 1511 anangokhala masiku 52. Henry atatopa kudikira wolowa ufumu, anagwira lemba la Levitiko 20:21 n'kumati Mulungu anatemberera ukwatiwo chifukwa anatenga mkazi wa mbale wake. Catherine anakana mpaka imfa, ponena kuti iye ndi Arthur sanadziwane konse monga mwamuna ndi mkazi. Chithunzi cha mayiyu atagwada pamapazi a mwamuna wake m'bwalo la milandu ku Blackfriars mu 1529, kenaka n'kudzuka n'kutuluka osacheuka ngakhale ankamuitana, ndachilemba kale ndipo chimandikhudza nthawi zonse ndikachiwerenga.

Pamene ndakodwa ndi pa Anne Boleyn, mkazi wachiwiri amene Henry anakwatira atasiya Catherine. Poyamba ndinamulemba ngati mkazi wolanda banja la mwini, wamwano ndi wadyera, ndipo anzanga amene anawerenga anaomba m'manja, mwina chifukwa ambiri a ife tinaonapo mayi wina akuthamangitsidwa pa banja poti sanabereke mwana wamwamuna. Koma nditaika masiku pamzere, mtima wanga unayamba kunditsutsa. Anne anavekedwa chisoti cha ufumu mu 1533, nabereka Elizabeth, mwana wamkazinso. Pa 29 Januwale 1536, tsiku lomwelo limene Catherine ankaikidwa m'manda ku Peterborough, Anne anapita padera, ndipo akuti mwanayo anali wamwamuna. Pa 19 Meyi chaka chomwecho anamudula mutu ndi lupanga ku Tower of London, atamunamizira chigololo ndi amuna asanu kuphatikizapo mchimwene wake George, milandu imene akatswiri ambiri a mbiri amati inali yopeka. Patangopita masiku 11, Henry anakwatira Jane Seymour. Mpeni umene unacheka mkazi woyamba ndi womwewo umene unacheka wachiwiri, ndipo ine ndikuona kuti ndikakhala ndikunama ndikamusenzetsa Anne katundu yense.

Komabe sindikufuna kumuyeretsa, pakuti m'masiku a ulemerero wa Anne, Mary, mwana wa Catherine, analandidwa ulemu wa mwana wa mfumu, anatumizidwa kukakhala m'nyumba ya khanda Elizabeth ku Hatfield, ndipo sanaloledwe kukaona mayi ake pamene ankamwalira ku Kimbolton. Ngakhale lamulo linali la Henry, Anne sanamuchitire mtsikanayo chifundo.

Tsono inu amene mumadziwa luso limeneli, ndingamuonetse bwanji Anne kuti oonera amukwiyire pa zimene analakwadi, koma n'kumumveranso chisoni akamakwera pa nsanja yophedwerapo, m'sewero la mphindi 40 zokha? Ndikulingaliranso zoti Henry asaonekere konse pabwalo, azingomveka kudzera m'makalata ndi amithenga ake, monga momwe Catherine ankamumvera m'zaka zake zomaliza. Kodi zimenezi zingathandize kuti maso a anthu akhale pa amayi awiriwa, kapena zichititsa kuti mwini mlandu weniweni aiwalike?