Akuti chikhristu changa ndi chofunda chifukwa sindilalikira mminibasi, ndithandizeni maganizo

Admin chonde ndibiseni dzina. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Bangwe. Ku tchalitchi kwathu tili ndi gulu la ulaliki, Loweruka timayenda khomo ndi khomo, ena amakwera maminibasi a Limbe kumalalikira mpaka mtauni. Vuto langa ndi chibwibwi, ndinabadwa nacho, ndikangoima pagulu mawu amakakamira pakhosi thukuta lili kamukamu. Mwezi watha anandikakamiza kuti lero ndi iwe, ndinaimirira ndi Baibulo mmanja koma ndinangothera pa "abale" pomwepo, kondakitala nkuyamba kuseka, nde ndinatsikira pa Chichiri ndisanafike komwe timapita, misozi ili chuchuchu.

Chomwe ndimakwanitsa ine ndi ichi, pafupi ndi kwathu pali agogo ena anafa ziwalo mbali imodzi, mmamawa ndimakawasambitsa, kuwachapira zofunda, kuwaphikira phala lansinjiro, kenako ndimawawerengera Salimo 23 pang'onopang'ono, tikakhala awiri lilime limamasukako ndithu. Mwana wawo amene amangokhalira kachasu anandipeza tsiku lina ndikuwerenga, anakhala pakhonde phee mpaka ndinamaliza, nkunena kuti mayi mundipempherereko nanenso. Koma nditafotokoza ku gulu atsogoleri athu anati zochapa ngakhale osapemphera amachapa, ine ndine wofunda uja wa pa Chivumbulutso 3:16. Zandipweteka kwambiri. Ndichoke mgulumo kapena ndidzikakamize?

Mayi wa ku Area 25: Pepani achemwali. Werengani Machitidwe 9 kuyambira ndime 36, Dorika wa ku Yopa sitikumva kuti analalikirapo pamsika, koma atamwalira amasiye amalira akuonetsa Petro zovala zomwe amawasokera. Zala za mmanja sizilingana koma nsima timatema nazo zonse.

Bambo wa ku Mzuzu: Ine ndisiyane nanu pang'ono. Tisamangowatonthoza, pa Aroma 10:17 chikhulupiriro chimabwera ndi kumva mawu. Munthu ukhoza kumusambitsa zaka khumi osadziwa kuti ukuchitira ndani. Pakamwa pamafunikabe.

Mayi wa ku Area 25: Bambo mwawerenga bwino koma? Salimo lija amawerenga ndi chani, si pakamwa?

Bambo wa ku Mzuzu: Eya apo ndavomera mayi, ndinathamanga. Chomwe ndimakana nchoti anthu ena amabisala ku "si mphatso yanga" pomwe ndi manyazi chabe. Awawa si manyazi ayi.

Mlaliki wa ku Ndirande: Ine ndimalalikira mmabasi momwemo chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano nde ndilankhule ngati mwini ntchito. Atsogoleri anuwo alakwitsa. Ineyo ndinatembenuka nditamva mlaliki wa mbasi, nchifukwa chake ndinkaona ngati njira ndi yomweyo basi, koma akazi anga anakopeka ndi amayi a mvano amene anagona pansi masiku atatu pa maliro a bambo awo, kutunga madzi, kuphika, kuyimba usiku onse, palibe anawalalikira. Ine zosambitsa wodwala sindingathe olo pang'ono, mtima umandithawa. Mose anadandaula pa Eksodo 4:10 kuti lilime lake ndi lolemera, Mulungu sanamutaye, anamupatsa Aroni kuti aziyankhula. Ndipo 1 Akorinto 12 ikufunsa kuti thupi lonse likanakhala diso tikanamva ndi chani. Musachoke mokwiya mayi, tengani mkulu wa mpingo mmodzi mukakhale nawo pansi atsogoleriwo, mwina nawonso ali ngati ine wakale, amangodziwa khomo lomwe iwo analowera.

Mtsikana wa ku Joni: Kuno ku Johannesburg timagwira ntchito mmanyumba, ulalikire pati? Mnzanga wachisilamu timagona chipinda chimodzi, ndinaphunzira kuyamba ndamumvera kaye, pano ndi amene amandidzutsa kuti sunapemphere lero.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndawerenga zonse kawiri. Sindichoka. Ndalankhula ndi mkulu wa mpingo wa dera lathu wavomera kuti tikaonane nawo Lachinayi. Ndikufuna ndikapemphe kuti Loweruka anzanga akamapita ku minibasi, ine andipatse anthu awiri tiziyendera odwala, mmodzi akhale wodziwa kuyankhula. Abambo a ku Ndirande, ndikayambe bwanji kuti asaone ngati ndikuwaderera?