Tsiku lachiwiri atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, pachati pali pethidine PRN basi

Nesi wa Naiti: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndili ndi abambo achikulire, anawadula chotupa cha khansa m'matumbo aakulu dzana, bala lalitali pamimba. Pachati alemba jakisoni wa ululu wa pethidine 50 mg PRN (kubaya pokhapokha akadandaula ululu), palibenso china. Ndikabaya amapeza bwino maola awiri, kenako thukuta kamukamu, manja gwa pazitsulo za bedi, ululu akuti 8 pa 10. Kutsokomola akukana, kukhala tsonga akukana, akupumira pamwamba. Adokotala a pa kolo (oyenera kuitanidwa usiku uno) sakuyankha foni. Akayankha ndiwapemphe chiyani? Zomangowonjezera jakisoni zanditopetsa.

Wa Paliyetivu (chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda aakulu): Pepani a Nesi. PRN pa bala lotere ndi kuzunza munthu, chifukwa mankhwala amafika ululu utakwera kale. Apempheni alembe zoperekedwa pa nthawi yake: paracetamol 1 g maola 6 alionse, osapyola 4 g patsiku, ndipo achepetse ngati abambowo ndi owonda kwambiri kapena chiwindi sichili bwino. Pamwamba pake morphine. Ngati awalola kumwa, wamadzi uja 2.5 mpaka 5 mg maola 4 alionse ndi poyambira. Koma onani kaye mkodzo ndi creatinine (kuyeza magazi koonetsa mmene impso zikugwirira ntchito). Impso zikafooka morphine amaunjikana m'thupi.

Sisita Wakale: Ana inu, pethidine tagwira naye ntchito kuyambira kale. Munthu wosokedwa matumbo mumupatse morphine? Matumbo agona, mimba itupa, mudzanditchula. Pemphani angokweza pethidine yemweyo.

Wogonetsa ku Fiyeta: A Sisita, ndi ulemu wonse, pethidine nayenso amagonetsa matumbo, onsewa ndi banja limodzi. Vuto lake n'lakuti amatha msanga, ndipo amasiya chotsalira chake choopsa chotchedwa norpethidine m'magazi. Ndinaitanidwapo usiku kwa mayi wina amene ankangobayidwa pethidine masiku otsatizana, mkodzo ukutuluka pang'ono. Anayamba ndi kunjenjemera zala, milomo kuphethira, anthu n'kumati ndi kuzizidwa. Pofika ine anali akugwa ngati wakhunyu. Naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya morphine ndi pethidine, sathetsa zimenezo. Mpaka lero ndikaona PRN ya pethidine kwa wachikulire mtima umandigunda.

Sisita Wakale: Ameneyo ndi mmodzi. Ine ndaona angati atasiya kupuma ndi morphine?

Wa Paliyetivu: N'chifukwa chake timawerenga kapumidwe, amayi. Tulo ndi timene timayamba: munthu akamagona mukulankhula naye, ovuta kudzutsa, kupuma kukatsika pansi pa 10 pa mphindi, imitsani mlingo, itanani, naloxone akhale pafupi. Osaphatikiza ndi diazepam, mankhwala ogonetsa aja. Osaperekanso morphine pamwamba pa pethidine amene mwangobaya kumene.

Wa Sajikolo (wodi ya opaleshoni): Nonse mukukangana za mankhwala, ine nkhawa yanga ndi ina. A Nesi, pulse (kugunda kwa mtima) ili bwanji? Thupi latentha? Mimba mukaigwira ndi yofewa kapena yauma ngati thabwa? Mu dreni (kapaipi kotulutsa zamadzi pabala) mukutuluka zotani? Ululu wa bala umayenera kumatsika tsiku ndi tsiku. Ukamakwera, mtima n'kumathamanga kupyola 100 pa mphindi, ganizani kuti posokedwa paja pakudontha kapena akukha magazi mkati. Zikatero nkhani si ya chati, pitani mukawagogodere adokotalawo, akapanda kupezeka imbirani wamkulu wawo. Chinanso, wina asathamangire mankhwala a ululu a diclofenac. Kwa wachikulire amene madzi ndi ochepa m'thupi amapweteka impso, amawonjezera kukha magazi, ndipo madokotala ambiri a opaleshoni samufuna pamene matumbo alumikizidwa kumene.

Wa Fizo (wothandiza odwala kudzuka, kuyenda ndi kupuma bwino): Ine ndingopempha chimodzi. Mankhwala alowe theka la ola tisanabwere kudzawadzutsa. Apatseni pilo kapena thaulo lopinda akanikize pabala potsokomola, mutu wa bedi mukweze. Ambiri amaopa kuti ulusi uduka, muwauze kuti suduka ndi chifuwa. Akapitiriza kupumira pamwamba chonchi chibayo sichichedwa, ndiye kugona osasuntha kuja magazi amaundana m'miyendo.

Sisita Wakale: Chinanso, morphine munthu amazolowera. Adzatuluka akumufunabe, abale adzabwera kwa inu.

Wogonetsa ku Fiyeta: Masiku ochepa a pambuyo pa opaleshoni, mlingo n'kumatsitsidwa ululu ukamachepa, si zimene mukuopazo. Pethidine amene mukumukondayo ndiye amene amasowa m'makabati.

Nesi wa Wodi ya Amayi: Mwatchula makabati, kwathu kiyi wa kabati ya mankhwalawa amakhala ndi munthu mmodzi usiku wonse, akapita kukathandiza ku wodi ina odwala amangodikira. Ndiye buku lija lolembamo mankhwalawa lofuna anthu awiri osaina, uli wekha pa naiti umutenga kuti wachiwiri? Inu mumatani?

Sisita Wakale: Kiyi sasiyidwa m'dirowa, zimenezo zokha musayerekeze.

Wa Sajikolo: A Nesi wa Naiti, mudakalipo? Pulse ija.