Thandizeni: grep ikudula mayina a katundu pakati mu script yanga

Wa ku Ntcheu Boma:
Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Ndimasunga mabuku a sitolo ya zipangizo zaulimi ya amalume anga kuno ku Ntcheu, yomwe ili ndi nthambi ku Lizulu ndi ku Tsangano Turn Off. Madzulo aliwonse anyamata amanditumizira fayilo ya CSV ya zomwe agulitsa, ndipo mafayilo onse ndimawaunjika m'foda imodzi pa laputopu yanga ya Ubuntu. Mvula yayandikira, amalume akupita kukaoda ku Lilongwe Lachisanu, ndiye akufuna adziwe kuti katundu aliyense watuluka kangati.

Mayina a katundu ali mu katundu.txt, dzina limodzi pa mzere umodzi: feteleza wa NPK, feteleza wa Urea, mbewu ya chimanga, mankhwala a anankafumbwe. Ndalemba chonchi kuti grep ifufuze dzina lililonse m'mafayilowo, wc -l iwerenge mizere yomwe yapezeka:

for dzina in $(cat katundu.txt); do grep $dzina *.csv | wc -l; done

Mayina alimo 40 koma manambala akutuluka oposa 100, ena aakulu mosamveka. Ndikalemba pamanja grep "feteleza wa NPK" *.csv zikuyenda bwinobwino. Ndayesa kuika "$dzina" m'ma quotes, palibe chasintha. Ndikulakwitsa pati? Sindikufuna amalume akaode matumba potengera manambala abodza, ndalama zake ndi zangongole.

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Achimwene, grep ilibe mlandu. Dzina likuduka lisanafike n'komwe kwa grep. Shell, pulogalamu yomwe imayendetsa malamulo anuwa, ikatenga zomwe cat yatulutsa imaziduladula paliponse pamene pali mpata, tab kapena mzere watsopano, chifukwa ndi zomwe zili mwachikhalire mu IFS, yomwe imauza shell podulira mawu. Ndiye for yanuyo siikuona "feteleza wa NPK", ikuona feteleza payekha, wa payekha, NPK payekha. Tangoganizani mizere ingati m'mafayilo anu ili ndi "wa" kapena "ya", osanena za "a" wa mankhwala a anankafumbwe, amene ali pafupifupi pa mzere uliwonse. Manambala aakuluwo akuchokera pamenepo. Kuika ma quotes pa "$dzina" munachita bwino ndipo musawachotse, kungoti munatseka khola mbuzi zitatuluka kale. Werengani fayiloyo mzere ndi mzere:

while IFS= read -r dzina; do
  echo "$dzina: $(grep -F -- "$dzina" *.csv | wc -l)"
done < katundu.txt

IFS= ikuletsa read kumeta mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, -r ikuti backslash isiyidwe momwe ilili. -F ikuuza grep kuti awa ndi mawu chabe, osati regex. Popanda -F, kadontho ka mu "mbewu 2.5kg" kamaimira chilembo chilichonse, moti ingawerengenso "mbewu 225kg".

Wa ku Bembeke:
Bwanji osangoika "$(cat katundu.txt)" yonseyo m'ma quotes basi?

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Ayi achimwene, mukatero fayilo yonse isanduka chinthu chimodzi, for izungulira kamodzi kokha, mupeza nambala imodzi ya katundu yense pamodzi. Zikakhala kuti mukungofuna mizere yonse yokhala ndi dzina lililonse la pa mndandandawo, grep -F -f katundu.txt *.csv ikwanira popanda loop. Koma awawa akufuna nambala ya katundu aliyense payekha.

Wa ku Ntcheu Boma:
Zikomo aphunzitsi, tsopano ndamvetsa za "wa" uja. Koma ndakopera ndendende momwe mwalembera, ndipo paliponse pakutuluka 0. Komanso mayina sakuoneka bwino, nambala ikukwera pamwamba pa zilembo zoyambirira za dzina. Ndipo mizere yatuluka 39, osati 40.

Mlongo wa ku Mtakataka:
Mlongo wanga, katundu.txt ameneyo munamulembera pa Windows, si choncho? Zimenezi zinandidyera tsiku lathunthu chaka chatha ndikukonza mndandanda wa ana asukulu. Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, pomwe Linux imagwiritsa LF yokha. Ndiye read ikuchotsa LF n'kusiya CR atamatirira kumchira kwa dzina. Simungamuone ndi maso, koma grep ikufunafuna "feteleza wa NPK" wokhala ndi CR kumapeto, yemwe mulibe pakati pa mzere wa CSV. CR yemweyo ndi amene akubweza cursor kumayambiriro kwa mzere, n'chifukwa chake nambala ikuponda dzina. Lembani cat -A katundu.txt, mukaona ^M$ kumapeto kwa mizere ndiye ameneyo. Mankhwala ake:

tr -d '\r' < katundu.txt > katundu2.txt

kenako loop iwerenge katundu2.txt, kapena gwiritsani dos2unix ngati munaiika. Onetsetsani ma quotes a '\r' akhale amodziamodzi aja. Za 39 zija, dzina lomaliza mulibe Enter kumapeto kwake, ndipo while imaima read ikafika kumathero a fayilo isanapeze LF. Tsegulani fayiloyo, dinani Enter pamapeto, sungani.

Chinanso, pofuna kuona zomwe shell ikupereka kwa grep, yendetsani ndi bash -x script.sh. Imasonyeza lamulo lililonse mawu atadulidwa kale.

Wa ku Ntcheu Boma:
Achemwali, mwalasa. Ndinalembera pa kompyuta ya Windows ya kusitolo n'kusamutsa ndi flash. ^M anali pa mzere uliwonse. Ndachotsa, ndadina Enter, mayina onse 40 atuluka ndi manambala ake, ndipo atatu ndawerenga pamanja, akugwirizana. Mulungu akudalitseni nonse.

Latsala limodzi. Mnyamata wa ku Lizulu nthawi zina amalemba "Feteleza wa  NPK", F wamkulu ndi mipata iwiri pakati. Za F wamkuluyo ndaona kuti -i ikuthandiza, nanga mipata iwiriyo ndichite nayo bwanji osasiya -F?

Mphunzitsi wa ku Linthipe:
Ifinyeni isanafike kwa grep: cat *.csv | tr -s ' ' | grep -ciF -- "$dzina". tr -s imasandutsa mipata yotsatizana kukhala umodzi, ndipo -c ikuwerengerani mizere, wc simukuifunanso. Kumbukirani kuti imeneyi ndi nambala ya mizere, osati ya matumba. Ngati mzere umodzi uli ndi matumba 5, tiuzeni kuti kuchuluka kuli mu column yachingati tikulembereni lamulo la awk lophatikiza matumbawo Lachisanu lisanafike.