Ntchito ya kumapeto kwa mwezi mu Access: ingamayende yokha?

Mlembi_waSACCO:
Moni akuluakulu. Mwezi uliwonse nthambi zathu zitatu zimatumiza mafayilo a Excel a ndalama zimene mamembala abweza pa ngongole. Timazilowetsa mu Access 2016 pamanja, kuwerengera ngongole zotsala, kenako kutulutsa lipoti. Kodi zingatheke kuti zonsezi zizichitika pongodina batani limodzi, kapena usiku popanda munthu?

WaMaQuery:
Zingatheke ndithu, koma Excel musamailowetse mwachindunji mu tebulo lenileni. Pangani tebulo lodikirira, tinene tblZobwera. Macro (mndandanda wa malamulo amene Access imayendetsa motsatana) iyambe ndi OpenQuery yoyendetsa delete query yokhuthula tebulo limeneli, kenako ImportExportSpreadsheet katatu, fayilo iliyonse payokha. Ngati ImportExportSpreadsheet simukuiona pa mndandanda, dinani Show All Actions.

Musanasamutse kalikonse, fufuzani. Find Unmatched Query Wizard ikupangirani query, tinene qryZolakwika, yoonetsa mizere imene nambala ya membala wake mulibe mu tblMamembala. Mu macro ikani If DCount("*","qryZolakwika")>0 (kutanthauza ngati query ija yapeza mzere ngakhale umodzi), pansi pake MessageBox ndi StopMacro. Zikakhala bwino, append query, tinene qryLowetsa, isamutsire mizere ku tblMalipiro, OpenReport imalize.

Nambala za foni zikhale Short Text, ndipo ku Excel komweko kolamu yake ikhale Text. Zikasungidwa ngati manambala, 0 woyamba wa 088 kapena 099 amasowa, ndipo Access singamubweze.

Mayi_Data:
Ndikugwirizana ndi achimwene pamwambapa, koma pali dzenje limodzi lalikulu. Munthu akadina batani kawiri, malipiro onse alowa kawiri. Ikani index pa nambala ya lisiti, Indexed ikhale Yes (No Duplicates). Ngati nthambi zimatha kukhala ndi malisiti ofanana nambala, index iphatikize nambala ya nthambi ndi ya lisiti.

Ngongole yotsala musaisunge mu tebulo ndi update query ayi. Iwerengedwe ndi totals query nthawi iliyonse: ngongole yonse kuchotsa Nz(Sum([Zolipira]),0), pa left join. Popanda Nz, membala amene sanalipirepo amatuluka wopanda kanthu, chifukwa nambala kuchotsa Null (malo opanda kanthu) kumapereka Null, pomwe Nz imasandutsa Null kukhala 0.

Lamulo la macro la SetWarnings No sindilikonda m'pang'ono pomwe pa nkhani ya ndalama. Limatseka mauthenga ochenjeza, ngakhale wokuuzani kuti mizere ina yakanidwa, ndiye lipoti limatuluka lokongola koma loperewera. Bola mizere itatu ya VBA, chinenero cholembera mapulogalamu mu Access: Set db = CurrentDb, kenako db.Execute "qryLowetsa", dbFailOnError, kenako muone db.RecordsAffected. Pakakhala cholakwika, palibe mzere ngakhale umodzi umene ulowe, ndipo mudziwa. Fananizani chiwerengerocho ndi mizere ya mu tblZobwera.

Madeti nawonso samalani. Mu SQL ya Access, #03/04/2025# ndi 4 Malichi, osati 3 Epulo monga timalembera kuno. Gwiritsani DateSerial(2025,4,3).

Katswiri_waNetiweki:
Za usiku zija, njira ndi Task Scheduler ya Windows, imene imayendetsa mapulogalamu pa nthawi yoikika. Pulogalamu ikhale MSACCESS.EXE, pa arguments lembani njira ya fayilo ya database m'kati mwa ma quotation, kenako /x ndi dzina la macro, tinene /x mcrMwezi. Macro ithere ndi QuitAccess, apo ayi Access ikhala yotsegula ndipo fayilo ya .laccdb, yosonyeza kuti database ili yotsegula, siichoka. MessageBox ija muichotse pa macro ya usiku, zolakwika zizilembedwa mu tebulo lapadera, chifukwa palibe woti adine OK.

Foda ya database ikhale mu Trusted Locations, chifukwa popanda zimenezo ma action query, monga delete ndi append, akhoza kusayenda. Ngati mafayilo ali pa seva, lembani njira yonse yoyamba ndi \\, osati Z:, popeza drive yotere nthawi zina sioneka kwa Task Scheduler.

Task iyambe ndi kukopera fayilo ya database (.accdb) kwina, deti lili pa dzina lake. Magetsi akazima Access ili pakati polemba, fayilo ikhoza kuwonongeka, choncho kompyutayo ikhale pa UPS, batire yothandiza magetsi akazima. Kukhuthula ndi kudzazanso tblZobwera kumatupitsa fayilo, ndipo malire ake ndi 2 GB. Ikaninso task ina ya /compact, yophwetsa fayiloyo, kamodzi pa sabata, nthawi imene aliyense watuluka mu database.