Ndithandizeni: kutalika ndi kukhuthala kwa mitambo ya Freddy pa zithunzi za setilaiti

Moni nonse akuluakulu pagulu pano. Ndakakamira pa ntchito yanga ya kusukulu, ndipo nthawi yandithera.

Ndikufufuza mitambo yomwe inakuta Mulanje ndi Phalombe nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndikufuna kudziwa kuti nsonga zake zinafika pamwamba bwanji, komanso inali yokhuthala mamita angati.

Ndinayamba ndi zithunzi za SEVIRI, chipangizo chojambulira cha pa setilaiti yoona zanyengo ya Meteosat, zobwera mphindi 15 zilizonse. Ndinatenga kuzizira kwa nsonga ya mtambo pa tchanelo cha ma micrometre 10.8 (choyeza kutentha kochokera ku mtambo), n'kumawerengera kuti kutentha kumatsika madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse yokwera m'mwamba. Pakati pa namondwe zikumveka ndithu. Koma m'mphepete, momwe muli timitambo topyapyala ta cirrus, kutentha kochokera pansi kumadutsa, ndiye mtambo woti uli m'mwamba kwambiri ukuoneka ngati uli pansipansi. Pamenepa mpomwe pandizunguza mutu.

Kenako ndinatsitsa mafailo a MYD06_L2, a za mitambo, ochokera ku chipangizo chojambulira cha MODIS cha pa setilaiti ya Aqua. Kutalika kulimo, koma optical thickness (muyeso wa momwe mtambo umatchingira kuwala) ilibe mamita, ndi nambala chabe, ndiponso usiku siipezeka poti imadalira dzuwa. CALIPSO, setilaiti yomwe inkayeza mitambo ndi kuwala kwa leza, ndinaiyesanso, koma inkayeza kamzere kowonda, ndipo kuwala kwake sikunkaboola mtambo wochindikala kufika pansi.

Funso langa ndi ili: kodi pansi pa mtambo mumapapeza bwanji kuti muchotsere pa nsonga n'kupeza kukhuthala kwake? Nanga pomwe cirrus waphimba mtambo wina, mumakhulupirira nambala iti? Amene munagwirapo ntchito yotere, chonde ndiunikireni. Zikomo kwambiri.